Chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala, ndipo mbiri yake inadutsa pa Dowa pano

Lero ndalemba zazitali. Ngati bandulo yatsala pang'ono kutha, sungani uthengawu mudzawerenge mawa, koma muwerenge wonse.

Nkhani ndi ya chiponde. Mafunso amene mumanditumizira amazungulira pamodzimodzi: ngati n'kulakwa kugawirako mkulu wake wa mwana wodwalayo, ngati mungachisungunule m'phala kuti chikwanire onse, ngati chiponde chosinja pakhomo sichingalowe m'malo mwake. Ndipo tonse tikudziwa, ngakhale sitinena mokweza, kuti timapaketi tina timathera pa benchi ya malonda kapena pa buledi wa abambo. Yankho langa ndi lakuti ayi, pa zonsezi. Koma "ayi" wopanda chifukwa munthu amamutaya akangotuluka pageti la chipatala. Choncho ndikufuna ndikuuzeni za munthu mmodzi amene watha zaka zoposa 30 akufufuza zimene zimachitika m'thupi la mwana wonyentchera wa ku Malawi kuno, ndi zimene anapeza. Mukamva, muweruze nokha.

Dzina lake ndi Mark Manary, dokotala wa ana wa ku America, wa pa Washington University mumzinda wa St. Louis. Anafika m'dziko muno mu 1994 kudzaphunzitsa ku College of Medicine ku Blantyre, imene lero ili pansi pa KUHeS, ndi kugwira ntchito m'wodi ya ana onyentchera pa Queen Elizabeth. Chaka chomwecho cha 1994 ndi chimene Dzaleka inasiya kudziwika ngati ndende ya andale n'kukhala malo a anthu othawa nkhondo. Zinthu ziwirizi sizinapangane, koma lero zinakumana m'manja mwa mayi amene waima pamzere wa sikelo.

Poyamba a Manary sanayambe ndi mtedza. Anayamba ndi mafunso a m'kati mwa thupi. Chakudya chikalowa m'mimba, thupi limachiphwanya n'kuchisandutsa mphamvu, magazi, mnofu ndi kutentha. Ntchito imeneyi ophunzira amaitchula kuti metabolism, ndipo simaima usana ndi usiku. Iwo ankayeza momwe thupi la mwana wotupikana limamangira ndi kugumula mapuloteni pamene mwanayo ali ndi matenda ena, ankayeza potaziyamu, ankayeza zinki. Ankaponda m'mapazi a akatswiri ena, makamaka a John Waterlow ndi a Michael Golden, amene anachita kafukufuku wotere kwa zaka zambiri ku Jamaica.

Zimene anthu amenewa anapeza ndikufotokozereni ndi chitsanzo cha pakhomo, chifukwa njala tonse timaidziwa. Njala ikalowa m'nyumba, banja limayamba kugulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka njinga. Limasiya kudya katatu, limasonkha moto kamodzi patsiku, ntchito zosafunika limaziimitsa. Thupi la mwana limachitanso chimodzimodzi. Limadya mafuta ake, kenaka mnofu wake, kenaka limayamba kuzimitsa ntchito zina kuti lisunge kamphamvu kotsalako. Mtima umachepa mphamvu. Chiwindi chimalephera kusunga ndi kupanga shuga wokwanira. Impso zimalephera kutulutsa mchere ndi madzi owonjezera. Matumbo amapyapyala, sagaya bwino. Potaziyamu amatuluka m'maselo, mchere n'kulowamo. Thupi limasiya ngakhale kudzitenthetsa.

Mukamvetsa zimenezi, malangizo ambiri amene timakupatsani amasiya kuoneka ngati nkhanza za anamwino. Mwana wotere akhoza kukhala ndi chibayo kapena matenda a m'magazi koma thupi osatentha, chifukwa kutentha thupi kumafuna mphamvu zimene iye alibe. Akhoza kufa ndi kuzizira kokha, ndipo mphepo ya June ndi July ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mukuidziwa. Akhoza kufa m'bandakucha chifukwa shuga watsika atagona ndi njala usiku wonse. Ndipo chodabwitsa kwambiri n'chakuti akhoza kufa ndi chakudya. Moto wotsala pang'ono kuzima suuyikapo chipika. Umayamba ndi tiudzu, kenaka titsatsa, chipika pambuyo. Mwana wofooka kwambiri, amene wasiya kudya, mukamuunjikira nyama, mazira ndi mchere tsiku limodzi, mtima ndi chiwindi zimalephera kunyamula katunduyo.

N'chifukwa chake kuwodi ya ana onyentchera timayamba ndi mkaka wopepuka wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Mwana akadzuka timapita ku F-100 kapena ku chiponde. Ayironi sitipereka m'masiku oyamba ngakhale magazi achepa, chifukwa pa nthawi imeneyo thupi silitha kumugwiritsa ntchito, ndipo amathandiza tizilombo kuchulukana. Kusakaniza kwa mikaka iwiriyi kunachokera m'kafukufuku wa a Golden. Palibe chimene chinalowamo mwangozi.

Koma mkakawu unali ndi vuto lake. Umafuna madzi aukhondo, ndipo ukasungunulidwa umawonongeka m'maola ochepa, choncho umayenera kuperekedwa kuchipatala basi. Mayi ankagonekedwa ndi mwana masabata angapo. Kumunda kulibe wopalira, ana ena kunyumba alibe wowaphikira, ndipo m'wodi modzaza mwana wofookayo ankatenganso matenda a anzake. Amayi ambiri ankathawa m'wodi mwana asanachire. Ine sindiwatcha osasamala. Munthu wa ana anayi amene wauzidwa kuti asankhe pakati pa mmodzi ndi atatu, wapatsidwa chiweruzo chimene palibe angachikwanitse.

Cha m'ma 1996, katswiri wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, anapeza njira: kutenga zonse zimene zili mu F-100 n'kuziika mu mtedza wopera m'malo mwa madzi. Mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ya m'thupi. Mulibe madzi okwanira kuti tizilombo tiswane, sichifuna kuphika, sichifuna filiji. Anachitcha Plumpy'Nut. Funso linatsala linali lalikulu: kodi mayi wa kumudzi angachize nacho mwana wake kunyumba, wopanda namwino pambali?

Ambiri ankakayika. A Manary anayesa, ku Blantyre, mu 2001, pamodzi ndi a Briend ndi akatswiri athu a ku Malawi, a MacDonald Ndekha ndi a Kenneth Maleta. Mwa ana amene ankadya chiponde chokwanira kunyumba, 95 pa 100 aliwonse anafika pa sikelo yoyenera. Mwa amene analandira ufa wa chimanga ndi soya, kapena chiponde chongowonjezera pang'ono, anali 78. Kafukufuku wina wa ana 1,178, wofalitsidwa mu 2005, anayerekeza njira yatsopanoyi ndi yakale ija: kunyumba ndi chiponde anachira 79 pa 100, njira yakale 46.

Taonaninso bwino kusiyana kwa 95 ndi 78. Ana a gulu lachiwiri sanagone ndi njala, analandira chakudya. Chimene chinasiyana ndi mlingo ndi mtundu wa chimene chinalowa m'mimba mwa mwana wodwalayo. Mukagawa paketi pakati pa ana atatu, mwamuchotsa mwana wanu m'gulu loyamba ndi manja anu n'kumuika m'lachiwiri.

Tsono apa ndi pamene Dowa imalowa m'nkhani. Amene munali akuluakulu mu 2002 mukukumbukira njala ya chaka chimenecho, anthu akudya mizu ya nthochi ndi gaga. Chaka chimenecho bungwe la Concern Worldwide, la Valid International lotsogoleredwa ndi dokotala Steve Collins, ndi Unduna wa Zaumoyo, anayamba m'boma lino kuyesa njira yochizira ana m'midzi: kupeza mwana msanga, kumuyeza pamkono, wodwalitsitsa kumugoneka, wotha kudya kumupatsa chiponde n'kubwerera naye kunyumba. Atayerekeza Dowa ndi Mchinji, kumene kunali njira yogoneka yokha, anapeza kuti ku Dowa pafupifupi ana atatu mwa anayi ofunika chithandizo ankachilandira, pamene ku Mchinji anali mmodzi mwa anayi. Mu 2006 boma linavomereza kuti njirayi ifalikire m'dziko lonse. Mu 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anaivomereza kuti igwire ntchito padziko lapansi. Mayi wa ku Niger kapena ku Yemen amene akung'amba kapaketi lero akutsata njira imene amayi a kuno anathandiza kuitsimikiza. Ena mwa ana a 2002 aja lero ndi makolo, mwina mukuwerenga pano.

Chimene chimandichititsa kulemekeza a Manary si chiponde chokha. Ndi kuti akayesa ganizo n'kulephera, amalengeza kuti lalephera. A Golden anali ndi ganizo lotchuka lakuti kutupikana kumabwera chifukwa thupi likusowa zinthu zolitchinjiriza ku poizoni amene limapanga lokha. Linali ganizo lomveka, ndipo ambiri analikhulupirira. Gulu la a Manary linapatsa ana a m'midzi ya kumwera oposa 2,000, ena zinthu zotchinjirizazo, ena ufa wopanda kanthu. Zotsatira zinatuluka mu 2005: sizinateteze. Analemba momwemo. Yerekezani ndi ogulitsa mankhwala a m'mabotolo pa WhatsApp ndi m'mabasi, amene mankhwala awo sanalepherepo chiyambire.

Kenaka anafunsa funso limene mayi aliyense wa mapasa anadzifunsapo. Ana awiri, bere limodzi, mphika umodzi, mkeka umodzi, koma mmodzi watupa mnzake ali bwinobwino. Chifukwa chiyani? Pamodzi ndi katswiri wina, Jeffrey Gordon, anatsatira mapasa a mabanja 317 kuno ku Malawi m'zaka zawo zitatu zoyambirira. Anatenga tizilombo ta m'matumbo mwa mwana wotupayo ndi ta m'matumbo mwa mnzake, n'kutiika mu mbewa zoleredwa mopanda tizilombo tina tilitonse. Mbewa zonse anazidyetsa chakudya chonga cha kumudzi kwathu, ufa wa chimanga ndi masamba. Zimene zinalandira tizilombo ta mwana wodwala zinawonda kwambiri, ndipo kagwiridwe ntchito ka thupi lawo kanasokonekera. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2013 m'magazini ya Science, ndipo zinasintha kaganizidwe ka akatswiri ambiri. Kunyentchera si nkhani ya mbale yokha. Ndi mbale pamodzi ndi matumbo. Choncho chimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo, madzi othira mankhwala kapena owiritsa, ndi kuchiza kutsegula m'mimba msanga, zonsezi ndi mbali ya kadyedwe ka mwana.

Chaka chomwecho cha 2013 kunatulukanso kafukufuku wa ana 2,767 onyentchera kwambiri amene ankachizidwa kunyumba. Onse analandira chiponde. Ena anawonjezeredwa mankhwala opha tizilombo kwa sabata imodzi, ena ayi. Mwa osamwa mankhwalawo, 7 pa 100 anamwalira. Mwa omwa, anali 4 kapena 5. Ndiye amoxicillin amene timapereka tsiku loyamba, mwana akuoneka ngati sakudwala china chilichonse, mumalizitseni. Musasunge theka kuti mudzapatse wina akadzayamba chifuwa.

Ndikudziwa kuti mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, kumudzi mawu oyamba amakhala akuti tsempho, ndipo maso onse amayang'ana kwa abambo kapena kwa amayi. Agogo, sindikufuna kukangana nanu pa Facebook. Ndingopempha chimodzi. Mlandu wa m'banja ungadikire sabata, ankhoswe sathawa. Mwana wotupa sangadikire. Kambiranani zanuzo mwana ali kale m'manja mwa achipatala, ndipo musamuteme mphini pakhungu lotupa kapena kumumwetsa zotsegula m'mimba kuti madziwo atuluke, chifukwa zimenezo zimamaliza potaziyamu wochepa amene watsala. Komanso makolo athu sanali akhungu. Mawu akuti utumbidwa anaona chinthu chenicheni: mwana amene wachotsedwa kubere mwadzidzidzi chifukwa mayi aima amafooka. Ngakhale dzina lakuti kwashiorkor linachokera kwa anthu a mtundu wa Ga ku Ghana, ndipo limanena za mwana amene walandidwa malo ndi mng'ono wake. Dokotala Cicely Williams, amene anafotokoza matendawa mu 1933, anamvera anthu a kumeneko n'kutenga dzina lawolo. Pamene ndimasiyana ndi mwambo ndi apa: mkaka wa mayi woyembekezera suwola ndipo si poizoni. Chimene chimadwalitsa mwana ndi kumuchotsa kubere n'kumusiya ndi phala lamadzi.

Tsono ndinene mbali inayo, chifukwa ilipo. Ena amati chiponde chatisandutsa anthu odikira makatoni. Pali choonadi pamenepo. Chiponde chimachiza mwana amene wagwa, sichithetsa chimene chinamugwetsa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo kupinimbira sikuchizidwa ndi paketi ya masabata ochepa. Kumapewedwa ndi chakudya cha mayi ali woyembekezera, bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, usipa wosinja, nkhwani kapena kadontho ka mafuta. Dowa ndi Ntchisi timalima mtedza, soya ndi nyemba zambiri. Zimandiwawa kuona matumba onse akukwera galimoto ya mavenda mu May, kenaka mu January mwana wa pakhomo pomwepo ali pamzere wa chiponde. Abambo, thumba limodzi la mtedza wouma bwino, wopanda chuku, lizitsala la ana musanawerenge za msika.

Chinanso n'chakuti maina amene amatchuka m'nkhanizi ndi a azungu, pamene magazi amene anayezedwa, mikono imene inapimidwa ndi maulendo a pansi opita kukayezetsa anali a ana ndi amayi a kuno, ndipo ogwira ntchito tsiku ndi tsiku anali anamwino ndi alangizi a zaumoyo a ku Malawi. N'chifukwa chake ndatchula a Maleta ndi a Ndekha mwadala. A Manary anachitapo chabwino poyambitsa Project Peanut Butter mu 2004 kuti chiponde chizipangidwa m'dziko momwe muno ndi mtedza wa alimi athu. Koma ndalama zogulira chipondecho zambiri zimachokerabe kunja, ndipo 2025 inatiphunzitsa kuti thandizo la kunja likhoza kudulidwa ndi siginecha imodzi ku Washington. Maganizo anga ndi akuti chiponde chikhale m'bajeti ya boma molimba ngati mankhwala a malungo. Phungu wanu akabwera pamsonkhano, mufunseni zimenezo pamaso pa anthu.

Kwa abale athu a m'kampu ya Dzaleka vutoli ndi lowirikiza. Malo amene anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 akusunga oposa 50,000, ochokera ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda ndi maiko ena. Minda alibe, ndipo WFP yakhala ikuchepetsa thandizo chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Mayi amene wagulitsa mapaketi awiri kuti agule makala ndi ufa wa ana asanu, sindingamuyang'ane ngati wakuba. Ndimamumvetsa. Komabe masamu a thupi sasintha chifukwa cha chisoni chathu. Paketi imodzi ndi magalamu 92 ndipo ili ndi makalori 500. Chiwerengero chimene mumalandira chimawerengedwa pa kulemera kwa mwana wodwalayo yekha. Katoni ya mapaketi 150 imakwanira kuchiza mwana mmodzi kwa masabata 6 mpaka 8. Mukachotsapo, mwanayo amakhalitsa pa pulogalamu, sikelo yake siyenda, ndipo malungo kapena kutsegula m'mimba kukamupeza ali pamenepo, kumamutenga mosavuta. Ngati pakhomo palibiretu chakudya, nenani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kwa namwino poyera. Kunena kumatithandiza kufufuza thandizo lina kapena kuyeza ana enawo, amene mwina nawonso akuyenera kulembedwa.

Koma inu amene mumagula, inu amene muli ndi ndalama ya buledi ndi majarini koma mumafuna chiponde chifukwa n'chokoma, ndi inu ogwira ntchito za umoyo amene katoni imasowa m'manja mwanu, kwa inu ndilibe mawu ofewa. Msika umenewu ulipo chifukwa cha inu.

Chiponde chosinja pakhomo ndi chakudya chabwino, dyetsani ana onse. Koma dzina lokha ndi limene likufanana. Mulibe mkaka, mulibe potaziyamu, magineziyamu, zinki ndi mavitamini pa mlingo umene thupi logumuka likufuna kuti limangidwenso.

Kaperekedwe kake nkosavuta. Sambani m'manja, musambitsenso mwana. Ngati akuyamwa, ayambe bere. Ng'ambani pakona, adye kuchokera m'paketi momwemo, pang'onopang'ono, kangapo patsiku. Mupatseni madzi aukhondo akumwa pambali chifukwa chimachititsa ludzu, koma musachisungunule m'madzi, mukatero mwatsegulira tizilombo khomo limene akatswiri aja anatseka. Chiponde choyamba, chakudya china pambuyo ngati akufunabe. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi sapatsidwa chiponde, ameneyo bwerani naye timuone. Usiku mufundikeni, agone pafupi ndi thupi lanu.

Madzulo ano, dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge mpaka katatu pang'onopang'ono, n'kuchotsa. Pakatsala dzenje mbali zonse ziwiri, m'mawa mulawirire kuchipatala ngakhale akuoneka wonenepa. Amene muli ndi lamba woyezera mkono, yezani pakati pa phewa ndi chigongono kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu: kufiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, ndi kuchipatala tsiku lomwelo, chikasu ndi kwa mlangizi sabata yomweyo. Mwana amene ali kale pa chiponde akayamba kukana kudya, kusanza chilichonse, kupuma mothamanga, kukomoka, kuzizira thupi kapena kungogona osadzuka bwino, musadikire tsiku lanu la sikelo. Ndipo inu odziwa Chiswahili, Kirundi kapena Kinyarwanda, muwafotokozereko anzathu a m'kampu amene Chichewa cholemba chimawavuta.